Njinga Imadya Nsima

Bambo anga ali ndi mwambi wao umene simungaupeze m'buku lililonse la Chichewa. Iwo amati njinga imadya nsima. Ndili mwana ndinkaseka ndikamva mau amenewa, poganiza kuti mkuluyo akungofuna chifukwa chotengera mtanda waukulu m'mbale. Ndidaleka kuseka tsiku lina Lachisanu m'mwezi wa Novembala chaka cha 2024, nditagona chagada m'ngalande ya mseu wa Midima, njinga yaoyo ili gone pambali panga, gudumu lakutsogolo likuzungulirabe lokha.

Nkhani idayamba ndi lamya ya mlongo wanga Lachinayi usiku. Iye ndi mayi adali pa chipatala cha Mulanje Mission kudikirira matenda. Bambo adawapeza ndi nthenda ya shuga zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo kachilonda kamene kadayamba ngati masewera pa chala cha phazi lamanja kadali katakana mankhwala onse.

"Achimwene, bwerani msanga," adatero mlongo wangayo. "Adokotala akuti zala ziwiri zichotsedwe, apo ai chilonda chikwera mwendo wonse. Ababa akukanitsitsa. Akuti sadinda papepala lililonse mpaka inu mutafika."

Inu amene mudali m'tauni miyezi imeneyo simufunika kukumbutsidwa za mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, anthu kugona m'galimoto zao usiku wonse, anyamata a zigubu kusanduka mabwana. Minibasi zidali zowerengeka, ndipo mtengo unkasintha malinga ndi mmene kondakitala wadzukira. Ine m'thumba mudali K18,000 basi. Nyuzipepala ina idali ndi ngongole yanga ya nkhani zitatu, koma mwini cheke adali "atangotuluka kumene" kwa masabata asanu ndi limodzi. Chipatala cha mishoni n'cholipira, ndiye kwacha iliyonse imene ndikadapatsa kondakitala ikadachoka pa bilu ya bambo. Ndidayang'ana kudenga kwa kanyumba kanga ka lendi ku Ndirande, kumene Humber yakale ya mkuluyo idapachikidwa, ndipo ndidati: makilomita oposa 60 n'chiyani kwa mwamuna wa zaka 35?

Njinga imeneyi ndi imene idandiphunzitsa sukulu. Chaka cha njala ya 2002, pamene anthu ena ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, bambo adali m'gulu la amuna amene ankaoloka malire pa Muloza kukagula chimanga ku Milange m'dziko la Mozambique. Ankamanga matumba atatu a makilogalamu 50, awiri pakaliyala, limodzi kulowetsa pakati pa felemu, n'kumadzagulitsa pa Limbuli, masiku ena mpaka ku Luchenza. Pokwera chitunda ankatsika n'kumakankha, phewa litagunda thumba, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Fizi yanga ya ku sekondale, ngakhalenso gawo lina la dipuloma imene ndimanyadira nayoyi, zidachokera m'miyendo imeneyo.

Koma chimene ndikukumbukira kwambiri si matumbawo ai. Ndi mwambo wao wa m'bandakucha. Tambala woyamba akangolira ankadzuka, kutenthetsa mkute pa makala otsala, n'kudya mwakachetechete ndi nandolo wa dzulo. Kenaka ankakonza kamba: mbatata yootcha m'thumba la malaya, mtedza wokazinga m'kapepala, kachigubu ka thobwa kumangirira ku mahandulo, ndi kamchere pang'ono atakafunyiza pangodya ya mpango. Ngakhale chaka cha njalacho mayi ankayamba apatula gawo la wopalasa, ife ana tikuyang'ana ndi maso aakulu. Tsiku lina ndidadandaula. Mayi adangoti: "Tikadya kamba wa abambo ako lero, mawa tonse tigona ndi njala." Ndipo bambo ankati munthu asamadikire njala kuti imuuze zochita, chifukwa njala ya panjinga siimba ng'oma. Iwo ankaluma kanthu pamwamba pa chitunda chilichonse, njala ilipo kaya palibe.

Ine mwana wao wophunzira ndidachita zonse mosemphanitsa. Usiku wa Lachinayi sindidadye, mtima udali m'malere. M'mawa ndidamwa kapu imodzi ya tiyi wopanda mkaka. Kenaka ndidataya maola awiri kwa wokonza njinga, kumata chubu ndi kukunga tcheni, kotero kuti pamene ndinkanyamuka nthawi idali itapitirira 9 koloko, dzuwa la Novembala litayamba kale kuluma pakhosi. Pakaliyala ndidamanga chikwama cha zovala ndi kajumbo ka zinthu zopatsa odikirira matenda: sopo, machesi, mchere ndi paketi ya shuga. Madzi ndidatenga botolo limodzi. Chakudya ndidati ndikadya ndikafika.

Mseu wa Midima ndi wachinyengo, abale. Ukangotuluka mu Limbe n'kupitirira Bangwe, umayamba kukupatsa mitsetse yaulere. Njinga imathamanga yokha, mphepo ikukupepesa kumaso, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Ndidadutsa mphambano ya ku Nguludi ndikuimba mluzu. Ndidayamba ngakhale kupeka ndakatulo m'mutu, yonena za mwana wobwerera kwao pa kavalo wachitsulo wa atate ake. Amuna a makala amene ankakankha mitolo yao kulowera ku tauni ndinkawapatsa moni ngati anzanga a ntchito imodzi. Pa zitunda zing'onozing'ono sindinkatsika. Ndinkaimirira pa mapedulo n'kumatchova mwamphamvu, kufuna kudzionetsa ndekha kuti magazi a bambo ali mwa ine.

Kutsogolo kudali phiri. Aliyense amene adayendapo mseu umenewu akudziwa mmene Mulanje amaonekera kuchokera kuchigwa: chimwala chachikulu chotuwa chimene chimakhala ngati chili pafupi, koma ukamapalasa ola lathunthu icho chili pomwepo, osasendera. Ndidalowa pa Nkando dzuwa lili paliwombo. Pamsika pamenepo padali chilichonse: zitumbuwa, mandasi, chinangwa chophika, mango, nzimbe, fulizesi wozizira m'makula. Fungo la chiwaya lidandikoka mphuno. Ndidagwira thumba, ndidawerengera mumtima, ndipo ndidati ai, ndalama iyi ndi ya phazi la bambo. Ndidamwa madzi otsala m'botolo n'kupitirira, ndikudzitama kuti ndine mwana wabwino.

Sipadapite theka la ola. Choyamba chidali kuyasamula, kosalekeza, ngati munthu amene wagona kumaliro. Kenaka miyendo idayamba kulemera. Sikudali kupweteka ai. Idangokhala ngati ya munthu wina, ngati ndabwereka. Ndidatsika kuyang'ana ngati buleki yagwira kapena tayala laphwa, koma zonse zidali bwinobwino. Nditakweranso, thukuta lozizira lidatsika pamsana ngakhale kunja kunkatentha ngati ng'anjo, manja ali njenjenje pa mahandulo. Mtima udayamba kuipa popanda chifukwa. Ndidatukwana mbuzi. Ndidakwiyira mlongo wanga, mkonzi wa nyuzipepala, boma, ngakhale bambo amene. Kamtunda kakang'ono, koti mwana wa sukulu akwera akuseka, kadaima patsogolo panga ngati Sapitwa yense ndi mamita ake 3,002. Ndikukumbukira kuti ndidafuna kulira. Kenaka m'maso mudachita bii, ndipo ndidapezeka m'ngalande muja.

Kwathu kuno timakula ndi nkhani yakuti m'phirimo mizimu imasiyira apaulendo chakudya: ukhoza kupeza nsima yotentha kapena phava la nthochi zakupsa panjira, ndipo lamulo lake n'lakuti udye wekha, osaitana mnzako. Nditagona pamenepo maso ali kuphiri, maganizo amene adandifikira adali akuti ngakhale mizimu ikudziwa kuti woyenda ulendo amafuna kamba, koma ine ndi dipuloma yanga ai.

Amene adandipeza si mzimu. Adali bambo wina wachikulire, woonda ngati bango, akubwerera ku Limbe kumene adakagulitsa makala, matumba opanda kanthu atawapinda pakaliyala.

"Achimwene, mwagundidwa?"

"Ai, bambo."

"Mwamwa?"

"Sindimwa masana."

Adandiyang'ana m'maso, adagwira chipumi changa, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Mwadya chiyani lero?" Nditayankha kuti tiyi, adapukusa mutu ngati sing'anga amene nthenda waidziwa kale. Adaitana mayi wina amene ankagulitsa thobwa pansi pa mtengo wa mango chapatali pang'ono, kenaka adayamba kumasula kajumbo kanga kuti andiikire chikwama kumutu. Ataona paketi ija adakhala pansi ndi phwete.

"Mayi, tabwerani mudzaone! Munthu akufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Shuga yense uyu, achimwene, mwamunyamula kuchokera ku Blantyre?"

Zoona zake n'zakuti sindidaganizeko n'komwe. Mutu udali utasiya kugwira ntchito kalekale. Adathira masupuni angapo a shuga m'kapu ya madzi, adatsinira kamchere, n'kundiuza kuti ndimwe pang'onopang'ono, osagugudiza. Patapita mphindi khumi dziko lidayamba kubwerera m'malo mwake: mitengo idaima njo, mau a anthu adasiya kumveka ngati akuchokera m'chitsime. Adandipatsa kapu ya thobwa, kenaka chidutswa cha mbatata yootcha chochokera m'thumba la malaya ake, thumba lomwe lija la kumanzere mmene bambo ankasungamo yao. Pamenepo ndiye misozi idatsika ndithu, ndipo mayi wa thobwa adati: "Asiyeni, ndi njala imeneyo ikutuluka."

Pambuyo pake, ndili pakhonde la chipatala masiku otsatirawo, ndidafunsa anamwino ndiponso ndidawerenga, pofuna kudziwa chimene chidandigwetsa. Ndidapeza kuti nkhani yake ndi ya nkhokwe ndi ufa. Thupi la munthu limasunga mphamvu m'malo awiri. Mafuta a m'thupi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: n'chambiri, ngakhale mwa munthu woonda, chokwanira ulendo wa masiku. Koma chimanga cha m'nkhokwe sungaphike lero lomwe mlendo ali pakhomo. Uyambe watonola, wakonola, wapita kuchigayo. Mphamvu yachangu ili ngati ufa wa m'ndowa. Asayansi amautcha glycogen, ndiye shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo mwa munthu wamkulu ndi pafupifupi theka la kilogalamu basi. Ukamapalasa mwamphamvu, ufa umenewu umatha pakati pa ola limodzi ndi theka ndi maola awiri. Ukamapita mofatsa thupi limapeza mpata wotapa m'nkhokwe, ufa n'kukhalitsa. Ine ndi kuimirira kwanga pa mapedulo ndinkaphika nsima ya ukwati ndi ufa wa banja limodzi.

Chinanso n'chakuti shuga amene amayenda m'magazi onse a munthu pa nthawi imodzi ndi wongokwana kasupuni kamodzi ka tiyi. Chiwindi ndicho chimathirira pang'onopang'ono kuti asathe, ndipo usiku tikagona chimakhala chikutapa m'nkhokwe yake yaing'onoyo, kotero kuti munthu wogona ndi njala amadzuka ndowa ili kale pansi. Ubongo nawo ndi mwana wosankha zakudya: umadalira shuga ameneyu. Akachepa, woyamba kusokonezeka ndi mutu. N'chifukwa chake munthu amakwiya, amalira, amaiwala paketi ya shuga imene ili kumbuyo kwake. Onjezanipo dzuwa la Novembala, pamene wopalasa akhoza kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi pamodzi ndi mchere wake, ndiye mwapeza ngalande ya Midima.

Zimenezi azungu adazitulukira ndi masingano. Mu 1924 madokotala ku Boston adayeza magazi a anthu othamanga mpikisano wa mtunda wautali, napeza kuti amene adafika ali dzandidzandi, otuwa ndi osokonezeka, shuga wao adali wotsika kwambiri. Chaka chotsatira adawapatsa maswiti panjira ndipo zinthu zidasintha. Mu 1967 ku Sweden, Jonas Bergström, Eric Hultman ndi anzao ankadula tinyama ting'onoting'ono m'ntchafu za anthu opalasa njinga, ndipo adaona kuti amene adadya zakudya zokhutitsa za mtundu wa ufa kwa masiku atatu adapalasa nthawi yotalika pafupifupi katatu kuposa pamene adadya nyama ndi mafuta okhaokha. Bambo anga sadamvepo za Sweden, koma mkute wa m'bandakucha uja udali sayansi yomweyo.

Ngakhale akatswiri zimawagwera. Mu 2013, pa mpikisano wa Tour de France, Chris Froome, amene adabadwira ku Kenya, adatheredwa shuga akukwera phiri la Alpe d'Huez atavala malaya achikasu a mtsogoleri. Adakweza dzanja kupempha thandizo, mnzake Richie Porte adabwerera ku galimoto kukamtengera chotsekemera pamalo pamene malamulo saloleza, ndipo adamlipitsa masekondi 20. Iye adaona kuti chilango n'chabwino kuposa ngalande. Nditawerenga zimenezi mtima udakhalako pansi: ndiye kuti tilipo ambiri.

Alangizi a zamasewera masiku ano amati woyenda ulendo wopitirira ola limodzi ndi theka azidya magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, kuyambira ola loyamba, osadikira njala. Musaope manambalawo. Nthochi imodzi yabwino ili ndi magalamu ngati 25. Ndiye kuti nthochi ziwiri pa ola, kapena mbatata imodzi, kapena kapu yaikulu ya thobwa la shuga ndi chitumbuwa. Mu 2012 David Nieman ndi anzake ku America adapalasitsa anthu makilomita 75, ulendo wina akudya nthochi, ulendo wina akumwa zakumwa zodula za ochita masewera, ndipo nthawi yofikira sidasiyane. Anzathu a m'tauni amene amatuluka Loweruka m'mawa atavala zipewa zolimba ndi makabudula othina, timapaketi tochokera ku Johannesburg tili m'matumba, asadandaule akaona mitengo yake m'sitolo. Zonse zili pa Nkando. Zonona monga tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya zimachedwa m'mimba, n'zoyenera pofika, osati pakati pa chitunda. Ndipo munthu amene wakomokeratu osamthira kanthu m'kamwa, angatsamwe; ameneyo n'ngwa kuchipatala.

Mkulu wa makala uja adandiperekeza. Kwao kudali cha ku Chisitu, ndiye njira idali imodzi. Adandiika kumbuyo kwake kuti azinditchingira mphepo, ndipo ankapalasa mofatsa ngati munthu wopita ku tchalitchi, miyendo ikungozungulira mosadukiza. Pa kamtunda kalikonse ankatsika, nane n'kutsika. Ndidamfunsa chifukwa chimene sanyamulira nthochi. Adati kale Mulanje ndi Thyolo nthochi zinkaolera m'munda, mwana aliyense ankathyola podutsa, koma matenda a chisaka adapululutsa minda, ndipo nthochi zambiri zimene mukuziona m'misika ya m'tauni zimachokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Wopalasa makala sangazikwanitse tsiku ndi tsiku. Adandiwerengera mmene ndalama ya thumba la makala imagawikira: mwini uvuni, a pamseu, chubu, sipoko, ana kunyumba. Chotsalira mimba ya wopalasayo ndicho chimachepetsedwa poyamba zinthu zikavuta. "Ndiye mukamva kuti wamakala wagundidwa ndi lole madzulo," adatero, "musamafulumire kunena kuti adaledzera. Ena imakhala njala, njinga imangopita yokha pakati pa mseu." Posiyana ndidamtambasulira K1,000. Adakana. Adapempha shuga pang'ono m'kapepala, wa phala la mdzukulu wake.

Ndidakhota pa Nkhonya dzuwa litapendeka. Mishoni imeneyi, ya mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre, idayambidwa ndi amishoni a ku Scotland, ndipo kwa ife obadwira kuno ndi malo amene moyo umayambira ndi kuthera: tchalitchi, sukulu, chipatala, koleji ya anamwino, zonse pamodzi. Ine ndemwe ndidabadwira pomwepo. Pachipata padali njinga zambirimbiri zitatsamira mpanda, zina za kabaza, zina zomangidwa mtsamiro pakaliyala, zimene zidabweretsa odwala kuchokera m'midzi. Ndidaimika Humber pakati pa zinzake.

Bambo adali chogona, phazi litakulungidwa nsalu zoyera. Adali ataonda, koma maso adali omwe aja. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku maondo a thalauza, kumene dothi la m'ngalande lidali likadalipo.

"Wabwera pa chiyani?"

"Pa njinga yanu, ababa."

"Unadya chiyani?"

"Tiyi."

Adakhala chete kanthawi. Kenaka adafunsa: "Wagwera pati?"

Palibe amene adawauza. Nditayankha kuti kupitirira Nkando, adaseka mpaka kutsokomola, odwala a mabedi oyandikana nao n'kuyamba kuseka nawo osadziwa nkhani. Mayi adati aka kadali koyamba kuwamva akuseka m'masabata atatu. "Onse a m'tauni amagwera pompo," adatero. "Mtsetse umawanamiza."

Nkhani ya zala tidaikamba usiku, magetsi a m'wodi atachepetsedwa. Mantha ao sadali a mpeni ai. Adati munthu amene wadya ndi miyendo moyo wake wonse akayamba kudulidwa, ndiye kuti watha. Lero zala, mawa phazi, mkuja akumkankha pa wilibala. Ndidalibe mau a m'mabuku oti ndiwayankhe. Ndidangowakumbutsa nkhani imene ankakonda kutiuza, ya tsiku lina chaka cha njala chija pamene gudumu lakumbuyo lidayamba kupindika ndi katundu ali kutali ndi kwao. Anzao adawauza kuti alimbe mtima, afika. Iwo adatsitsa thumba limodzi, kuligulitsa motchipa pamseu pomwepo, n'kufika kunyumba ndi matumba awiri ndi njinga yamoyo. Mnzao wina amene adakakamira atatu onse adathyola limu, nakhala mwezi wathunthu osayenda.

"Ababa," ndidatero, "zala ziwirizi ndi thumba limodzi lija."

"Iwe wogwera m'ngalande ukufuna kundiphunzitsa njinga?"

"Ai, ababa. Ndikungobweza mau anu."

Adatembenukira kukhoma. Ndidakhala pampando mpaka tambala, osadziwa ngati ndakonza kapena ndaononga. M'mawa namwino atabwera ndi mankhwala, bambo adamuuza kuti abweretse pepala lija. Podinda adanena, osayang'ana aliyense, kuti pedulo amapondera pakati pa phazi, osati ku zala.

Opaleshoni idayenda bwino, mwendo udapulumuka. Tsiku lotuluka namwino adatikhazika pansi tonse kutilangiza za kadyedwe ndi mankhwala. Adati munthu wa shuga amene ali pa mankhwala ali ndi adani awiri: shuga wokwera, amene amaononga mwakachetechete, ndi shuga wotsika, amene amagwetsa mwadzidzidzi, makamaka akamwa mankhwala osadya kapena akagwira ntchito yolemetsa. Adatchula zizindikiro zake: kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, kupsa mtima, kusokonezeka mutu. Adati bambo asamayende opanda maswiti awiri atatu m'thumba. Mkuluyo adandiloza ndi chibwano nati: "Muuzeni uyu, amayi. Ine ndidayamba kunyamula kamba iye asanabadwe."

Ndidaganiza zambiri pa benchi imeneyo. Bambo ndi mwana, wina shuga wachuluka, wina wamthera, onse awiri ogwa pa mseu umodzi. Ndidaganizanso za mmene ndidadzinamizira pa Nkando kuti kudzimana n'chikondi. Ndikadagundidwa ndi galimoto pamene njinga inkayenda yokha ija, K18,000 ikadagula bokosi, ndipo pepala lija silikadadindidwa. Mayi adazidziwa zimenezi mu 2002 pamene ankapatula mbatata ya wopalasa ana akuyang'ana. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, amatero akulu, koma sadanene kuti nthawi zina phukusilo limakhala mbatata yeniyeni.

Kuchokera nthawi imeneyo ndidasiya kukangana ndi anyamata a kabaza yakapalasa pa K200. Ndikakhala pakaliyala ndimayang'ana msana wa malaya wonyowa uli patsogolo pangawo n'kumadzifunsa kuti kodi m'ndowa mwake mwatsala ufa wochuluka bwanji. Tonse tidalira mafuta a galimoto atasowa, nyuzipepala zidalemba mitu ikuluikulu, nduna zidayankhula pa wailesi. Koma makala amene taphikira lero, chinanazi cha pa tebulo, mayi woyembekezera amene wafika pachipata cha mishoni usiku, zonsezi zayenda ndi mafuta ena, amene mtengo wake ukakwera palibe amaima pamzere; wopalasa amangodumpha chakudya cha masana.

Ulendo wobwerera ndiwo udali wovuta, chifukwa mitsetse yonse imene Midima adandikongoza ndidayenera kuibweza. Ndidanyamuka kusanache, nditadya mkute ndi nandolo. Mayi adandimangira mbatata zinayi, mtedza, chigumu ndi kachigubu ka thobwa, ndipo bambo, ali pampando pakhonde phazi lili pamtondo, adayendera katunduyo ngati wapolisi wa pamseu. Adafunsa za mchere. Udalibe. Adatumiza mlongo wanga kukatenga, nafunyiza okha pangodya ya mpango.

Pa Nkando ndidaima ngakhale njala ndidalibe. Mayi wa thobwa uja adali pamalo pake pansi pa mango, ndipo adandizindikira ndisanatsike. Adaitana anzake kuti adzaone bambo a shuga aja. Ndidamwa makapu awiri, ndidalipira atatu. Zitunda za ku Bangwe ndidazikankha wapansi pamodzi ndi amakala, phewa ndi phewa, ndipo pamwamba pa chilichonse ndinkaluma mbatata. Ndidalowa mu Ndirande 2 koloko masana, miyendo ikuwawa koma mutu uli wangawanga, mbatata imodzi itatsala m'thumba la kumanzere.